Kodi Mkaka wa Soya Umanga Mafupa?

Akonzi a magazini athu ano atandipempha kuti ndilembe kanthu, poyamba ndinaganiza zolemba za mpira, pakuti ndiwo ndiukonda. Koma pali nkhani ina imene yakhala pamtima panga kuyambira chaka chatha, ndipo ndikhulupirira kuti ikhudza ambiri a ife amene tichokera m'midzi ya kuno ku Kasungu. Nkhaniyi ndiyo ya mkaka wa soya: chimene uchita m'thupi, ndi chimene sungathe kuchita. Ine sindine dotolo ayi, ndine mwana wa sukulu monga inu nomwe. Zimene ndirikulemba pano zina ndinazimva kwa aphunzitsi athu, zina ndinaziwerenga m'laibulale, ndipo zina ndinaziona ndi maso anga kwathu. Aphunzitsi akapezamo polakwa andikonze.

Soya afika pakhomo pathu

Aliyense wokulira kuno adziwa fungo la fodya wouma m'chigafa, adziwanso magalimoto odzaza mabelo opita ku msika wa ku Chinkhoma. Atate anga analima fodya wa bale kuyambira ine ndisanabadwe. Koma fodya afuna zambiri: nazale, kuthirira, feteleza, kuthyola, kusoka ndi kusankha. Chaka china ndalama zimene zinatsala atabweza ngongole sizinakwane fizi yanga. Pamenepo Atate anachita zinthu ziwiri. Anagulitsa ng'ombe yathu yaikazi, imene inkatipatsa kamkaka pang'ono m'mawa uli wonse, ndipo mbali yaikuru ya munda anabzalamo soya wa Tikolore, mtundu umene unatulutsidwa kwa alimi a m'dziko muno mu 2011.

Soyayo anacha bwino. Amayi anaphunzira kwa anzao a ku kalabu kapangidwe ka mkaka. Anyika soya m'madzi usiku wonse, m'mawa ampekesa kuti makoko achoke, amsinja mu mtondo, athira madzi, asefa ndi nsalu yoyera, nawiritsa madzi oyerawo kufikira fungo lauwisi litatha. Akathiramo shuga ndi kamchere, munthu wosadziwa anganene kuti ndi mkaka wa ng'ombe. Tsiku loyamba Atate analawa, naseka, nati, "Ng'ombe tinagulitsa ija yabwerera, koma tsopano irikumera m'munda."

Tonse tinakondwa, makamaka chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono, chitsiriza wa m'nyumba mwathu, amene anali atangoleka kuyamwa. Iye ankamwa makapu awiri tsiku liri lonse, ndipo Amayi mtima unali m'malo.

Mtsutso wa m'kalasi

Titatsegulira sukulu, aphunzitsi a Bayoloje anafunsa kuti titchule zakudya zolimbitsa mafupa. Ine ndinakweza mkono msanga, ndi kunena monyada kuti mkaka wa soya, popeza ufanana ndi wa ng'ombe m'zonse. Aphunzitsi sanandidzudzule. Anangoti, "Ufanana maonekedwe. Koma kodi madzi a mpunga, amenenso ndi oyera, tingawatche mkaka?" Anzanga anaseka, ine ndinachita manyazi.

M'mawa mwace... anatiuza kuti tibwere ndi mafupa awiri a mwendo wa nkhuku. Limodzi tinaliika m'botolo la viniga, lina tinalitentha pa moto wa makala kufikira litayera. Lotenthalo titalikhudza linangofumbutuka ngati choko. La mu viniga tinalitulutsa patapita sabata ndi theka, ndipo taonani, linali lofewa, lopindika ngati mphira wa legeni.

Aphunzitsi anatifotokozera kuti fupa lipangidwa ndi zinthu ziwiri. China ndi ulusi wofewa wa puloteni, umene moto unaupsereza. China ndi mchere wouma wodzaza pakati pa ulusiwo, umene viniga anausungunula. Chimanga fupa ndicho zonse ziwiri pamodzi, monga khoma la nyumba liima ndi mitengo ndi dothi lomatira. Soya ali ndi puloteni wabwino ndithu, ndipo pa mbali imeneyi ine sindinalakwe. Funso linatsala pa mchere uja.

Michere iwiri imene tiidziwa kale

Mchere wa m'mafupa si wa m'ndiwo ayi. Upangidwa ndi zinthu ziwiri zogwirana, kashiamu ndi fosifolasi. Maina amenewa amveka achilendo, koma ife ana a alimi a fodya tawanyamula pamutu kambiri. Pa thumba la feteleza wa CAN, amene tibereketsa fodya, C uja aimira kashiamu. Pa thumba la NPK, P uja aimira fosifolasi. Kashiamu ndiye alinso mu choko cha aphunzitsi, mu laimu, m'chikhokho cha dzira ndi m'chigoba cha nkhono.

Munthu wamkuru ali ndi kashiamu wolemera pafupi-fupi kilogalamu imodzi m'thupi mwake, ndipo magawo 99 mwa 100 a kashiamu ameneyu ali m'mafupa ndi m'mano. Fosifolasi nayenso magawo 85 mwa 100 ali momwemo. M'fupa, polemera kwake, kashiamu aposa fosifolasi kawiri. Mutu umodzi susenza denga: kashiamu payekha samanga fupa, fosifolasi payekha samanganso.

Nanga gawo limodzi lotsala la kashiamu liri kuti? Liri m'magazi ndi m'minofu, ndipo ngakhale liri lochepa, ndilo thupi lilisamala koposa. Popanda ilo mtima sugunda bwino, minofu ikokana, mitsempha sitenga mauthenga, ndipo magazi a pa bala saundana. Chotero thupi lisunga kashiamu wa m'magazi pa muyeso umodzi, pafupi-fupi mamiligalamu 9 kapena 10 pa mamililita 100 ali onse, kaya munthu wadya bwino kaya sanadye.

Alonda anai a pakhosi

Amene asunga muyeso umenewu ndi timinofu tinai tating'ono, kali konse konga kanjere ka mpunga, tobisala kumbuyo kwa chithokomiro pakhosi. Dzina lake ndi parathyroid. N'tating'ono kotero kuti madotolo akale sanatione. Mu 1849 chipembere cha ku India chinafa kumalo osungirako nyama ku London, ndipo Richard Owen pochitumbula anaona kam'nofu kotere pakhosi pake. Mu 1880 wophunzira zaudotolo wa ku Uppsala m'dziko la Sweden, dzina lake Ivar Sandström, ndiye anatifotokoza m'thupi la munthu.

Nchito yake ndi iyi. Kashiamu akayamba kuchepa m'magazi, timinofuti titulutsa mthenga, ndiye homoni, amene apita malo atatu. Auza impso kuti zisataye kashiamu mu mkodzo koma zitaye fosifolasi. Auzanso impsozo kuti zidzutse vitamini D, amene khungu lathu lipanga tikakhala padzuwa, kuti matumbo akoke kashiamu wambiri m'chakudya. Ndipo apita kumafupa nakagumulako kashiamu kuti alowe m'magazi.

Apa ndipo pagona nkhani. Mafupa ndiwo nkhokwe ya thupi. Kutapa m'nkhokwe si kulakwa, malinga pokolola udzabwezeremo. Koma ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku chiribe kashiamu wokwanira, thupi lingotapa osabweza. Munthu samva kupweteka kuli konse, magazi ake akawayeza apezeka ali bwino, koma nkhokwe irikupepuka. Ife tidziwa za matenanti a m'maesiteti, amene atenga chimanga pa ngongole chaka chonse, nadzazindikira kukula kwa ngongoleyo pa tsiku la malipiro. Ngongole ya mafupa nayo ioneka mochedwa chomwecho.

Fosifolasi alowa bwanji pamenepa? Iye akachuruka m'magazi pamene kashiamu ali wochepa, timinofu tija tigwira nchito koposa, ndipo kugumula kwa mafupa kukula. Munthu wa impso zabwino ataya fosifolasi wotsala mu mkodzo popanda vuto, chotero fosifolasi si poizoni. Choipa ndicho kupendekeka kwa sikelo: mbali ina yodzaza, ina yopanda kanthu, kwa miyezi ndi zaka.

Tiyeni tiwerengetsere

Tsono tiyeni tiike zakudya zathu pa sikeloyo. Manambala awa ndi a pafupi-fupi, pakuti mbewu zisiyana monga mwa nthaka ndi mtundu.

Mkaka wa ng'ombe, pa mamililita 100, uli ndi kashiamu mamiligalamu 120 ndi fosifolasi 90 ndi mphambu pang'ono. Kashiamu ali pamwamba.

Chimanga chosakonola, pa magalamu 100, chiri ndi kashiamu mamiligalamu 7 okha, koma fosifolasi oposa 200.

Mtedza, pa magalamu 100, uli ndi kashiamu 90 ndi fosifolasi oposa 350.

Soya wouma, pa magalamu 100, ali ndi kashiamu 270 ndi fosifolasi 700.

Wina anganene kuti 270 wa soya apambana 120 wa mkaka. Koma kumbukirani m'mene Amayi apangira. Kapu imodzi ya soya isakanizidwa ndi makapu asanu ndi atatu kapena khumi a madzi, ndipo gawo lina la kashiamu litsalira m'nsalu pamodzi ndi zosefa. Chotero mkaka wa soya wopangira pakhomo kawiri-kawiri suposa mamiligalamu 25 a kashiamu pa mamililita 100, pamene fosifolasi ali pafupi-fupi kawiri kuposa pamenepo. Sikelo yatembenuzika. Mkaka wa mtedza, umene ena apanga m'njira yomweyi, ndiwo uchepekedwa koposa.

Mabungwe a WHO ndi FAO anena kuti anyamata ndi atsikana a zaka 10 kufikira 18 afunika kashiamu mamiligalamu 1,300 pa tsiku. Kapu ya mamililita 250 ya mkaka wa ng'ombe ipereka 300. Ndiye kuti makapu anai ndi kachigawo akwanira. Kapu yomweyo ya mkaka wa soya wa pakhomo, tikati uli ndi 20 pa 100, ipereka 50. Anzanga a Masamu gawani nokha: makapu 26 pa tsiku! Palibe mimba ingalandire zimenezo.

Palinso chinthu china. Mbewu zonse za njere, monga chimanga, soya, nyemba ndi mtedza, zisunga fosifolasi wake wochuruka mwa mtundu wotchedwa faiteti, chimene chiri chakudya cha kamera kamene kadzaphuke. Matumbo a munthu sagaya bwino faiteti, chotero si fosifolasi yense wa m'soya amene alowa m'magazi. Imeneyo ikanakhala nkhani yabwino, koma faiteti ali ndi khalidwe logwira kashiamu, ayironi ndi zinki m'matumbo ndi kutuluka nazo kunja. Motero ngakhale kashiamu wochepa uja sitimlandira yense.

Taganizani tsono za mwana wa kumudzi kwathu. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masana nsima ya nyemba, madzulo nsima ya nyama ya soya, pakati-kati mkaka wa soya. Mwanayo akhuta, apeza mphamvu ndi puloteni, ndipo anenepa. Koma zonsezi ndi njere zokha-zokha, zonse ziri mbali imodzi ya sikelo.

Zimene zinaoneka kwina

Alimi anazindikira zimenezi pa ziweto kale madotolo asanazifotokoze. Ku Ulaya, akavalo a eni zigayo, amene ankadyetsedwa gaga wa tirigu wambiri, ankatupa mafupa a kumaso ndi kutsimphina, chifukwa gaga ali ndi fosifolasi wochuruka ndi kashiamu wochepa. Ngakhale kuno, amene aweta nkhuku za mazira adziwa kuti mukazipatsa madeya ndi soya zokha, ziyamba kuikira mazira a chikhokho chofewa, ndipo n'chifukwa chake posakaniza chakudya chake athiramo laimu wa ziweto.

Kwa ana, kusowa kwa mchere wa m'mafupa kubweretsa matewe: miyendo ipindika, mfundo za m'manja zikula, mwana achedwa kuyenda. Kale anthu ankati nthenda imeneyi ndi ya kumaiko ozizira, kumene dzuwa lisowa ndipo vitamini D achepa. Koma ku Jos m'dziko la Nigeria, kumene dzuwa liwala ngati kuno, kunapezeka ana ambiri a matewe. Dotolo Tom Thacher ndi anzake, mmodzi wa iwo John Pettifor wa ku South Africa, anafufuza, ndipo mu 1999 analemba kuti anawo ankalandira kashiamu pafupi-fupi mamiligalamu 200 okha pa tsiku, ndi kuti amene anapatsidwa kashiamu anachira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Pambuyo pace, mu 2015, anaonetsanso kuti nsomba zouma zosinja pamodzi ndi minga yake zithandiza kuchiza ana otere. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Ngakhale m'maiko olemera zachitika. Mu 2001 madotolo a ku Atlanta ku America analemba za ana awiri osakwana zaka ziwiri amene makolo ao, pofuna kuwachitira zabwino, anawapatsa mkaka wa mbewu m'malo mwa mkaka weni-weni. Amene ankamwa wa mpunga anadwala kwashiokola, pakuti mpunga ulibe puloteni wokwanira. Amene ankamwa wa soya wosaonjezeramo kashiamu ndi vitamini D anadwala matewe. Makolowo sanali osauka kapena osasamala. Ananyengedwa ndi dzina ndi maonekedwe, monga momwe ndinanyengedwera ine. Akuru anati chikome-kome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mkaka wa m'mapaketi

M'masitolo akuru a m'mizinda mupezeka mkaka wa soya, wa oats, wa amondi ndi wa mpunga wa m'mapaketi. Ena augula chifukwa mkaka wa ng'ombe uwatsegula m'mimba, ena chifukwa sadya za nyama. Opanga ambiri athiramo kashiamu kuti afike pa 120, monga wa ng'ombe, koma si onse. Chotero choyamba ndi kuwerenga zolembedwa pa paketi.

Chachiwiri, kashiamu wothirayo ndi ufa wosasungunuka, ndipo akhazikika pansi monga achitira masese a thobwa. Amene sakhutchumula paketi amwa madzi a pamwamba nataya kashiamu pamodzi ndi paketiyo.

Chachitatu, ufawo uli wa mitundu iwiri. Mu 2000 Robert Heaney ndi anzake ku America anapeza kuti kashiamu wa mtundu wa tricalcium phosphate wothira mu mkaka wa soya alowa m'thupi magawo atatu mwa anai poyerekeza ndi wa mu mkaka wa ng'ombe. Mu 2005 ofufuza ena, pamodzi ndi Connie Weaver, anapeza kuti wa mtundu wa calcium carbonate alowa mofanana ndi wa ng'ombe. Ndiye kuti mkaka wa soya woonjezera bwino ungathedi kumanga mafupa. Vuto lake kwa ife ndi mtengo.

Fosifolasi amene athiridwa m'zakudya za m'fakitale asiyana ndi wa m'njere, pakuti iye alowa m'magazi pafupi-fupi yense. Ndiye alinso m'zakumwa zakuda za kola zimene tithamangira pa kantini. Botolo limodzi silingathyole fupa la munthu, koma ndalama yake ikanagula chinthu chokhala ndi kashiamu. Odwala impso ndiwo ayenera kuchenjera koposa, chifukwa impso zao sizitha kutaya fosifolasi. Iwo afunse dotolo asanasankhe mkaka uli wonse.

Tsiku la sikelo

Pa tchuthi ndinafika kwathu ndiri ndi mantha, ndipo ndinayang'anitsitsa miyendo ya mlongo wanga. Ndinaona ngati yapindika pang'ono. Nditauza Amayi zonse ndinaphunzira, anakhala chete, kenaka anati, "Iwe, ndiye ukuti ine ndakhala ndikumpatsa mwana madzi?" Mauwa anandilasa mtima, pakuti ndidziwa m'mene amalawirira kusinja soya uja.

Tsiku la sikelo ndinawaperekeza. Alangizi a zaumoyo anamuyeza, namuyendetsa, nagwira mfundo za m'manja mwake. Anati ana ambiri a msinkhu umenewo miyendo yao ikhala yokhota pang'ono ndipo iongoka yokha pamene alikukula, ndi kuti pa mwanayu sanaone chizindikiro cha matewe. Koma atamva zimene adya anati, "Amayi, mkaka wa soya musaleke, ngwabwino, ukukulitsa mwana. Koma pa mafupa muuwerenge ngati ndiwo ya nyemba, osati ngati mkaka. M'phala lake muzithira usipa wosinja."

Pobwerera Amayi anayenda mopepuka, koma tiri pafupi kufika anati, "Nanga usipawo tiugula ndi chiani?" Funso limeneli ndi loona, ndipo ambiri a inu mwalimva m'nyumba zanu.

Nanga tichitenji?

Zimene ndapeza ndi izi, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuruka.

Nsomba zazing'ono zodya ndi minga yomwe, monga usipa ndi matemba, ndizo zipambana zonse. Minga ya nsomba ndi fupa, ndipo iri ndi kashiamu ndi fosifolasi pa muyeso womwe mafupa athu afuna. Dzanja limodzi la usipa wouma liposa makapu angapo a mkaka wa soya wa pakhomo. Koma amene adula mitu ndi kuchotsa minga ataya chuma cheni-cheni. Kwa mwana wamng'ono, kazingani, sinjani, sefani, ndipo supuni imodzi muthire m'phala. Kamulu kamodzi kosinja motere kakhalitsa masiku angapo.

Mawere, amene ambiri a ife tingowadziwa pa chimera, ali ndi kashiamu woposa mamiligalamu 300 pa magalamu 100, ndiko kuti kuposa chimanga nthawi makumi anai. Phala losakaniza ufa wa mawere ndi wa soya lipereka zonse ziwiri, ulusi ndi mchere.

Masamba obiriwira: mpiru, repu, tchainizi, nkhwani, chigwada, khwanya ndi chamwamba. Kashiamu wa mu mpiru ndi repu alowa bwino m'thupi. Bonongwe ali naye wambiri, koma ali ndi chinthu china chomgwira, chotero si yense amene tilandira. M'dzinja masamba ali mbwee. Mfutso wa m'chikwatu ndiwo utifikitsa m'chilimwe. Malambe ndi chitowe nazonso ziri ndi kashiamu wochuruka.

Kunyika, kumeretsa ndi kusasitsa kuchepetsa faiteti. Agogo athu popanga chimera ndi thobwa ankachita sayansi imeneyi osaitchula dzina. Nyikani soya ndi nyemba musanaphike, ndipo madzi onyikira mutaye. Zosefa za soya musataye. Zisakanizeni m'phala kapena m'chigumu, pakuti kashiamu wina ali momwemo.

Mkaka wa mbuzi uli ndi kashiamu wofanana ndi wa ng'ombe. Uwiritseni musanamwe. Amene mkaka wauwisi uwavuta m'mimba ayese chambiko, pakuti kusasa kuchepetsa shuga wa mu mkaka amene awavuta, koma kashiamu atsala. Likuni Phala wa m'mapaketi, amene dzina lake lichokera ku chipatala cha mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, kawiri-kawiri aonjezeredwa mavitamini ndi michere. Wopanga tokha ndi chimanga ndi soya alibe zoonjezerazo.

Machenjezo awiri. Loyamba, khanda liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndi kupitiriza kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Mkaka wa soya wa pakhomo suyenera kulowa m'malo mwa bere. Lachiwiri, wina asamve za CAN ndi laimu nakathira zimenezi m'chakudya. Feteleza ndi laimu womangira nyumba zingaphe munthu.

Kwa ife a msinkhu uno

Ndinapita ku sikelo ndirikudera nkhawa mlongo wanga, koma pobwerera ndinayamba kudzidera nkhawa ndekha. Mafupa akula mwachangu koposa pamene mtsikana ali ndi zaka 12 kapena 13, ndi mnyamata 14, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 20 nkhokwe ija yatsekedwa. Chotsala ndi kusamala zimene zirimo. Amene adzaza pang'ono pa unyamata ndiye mafupa ake athyoka msanga pa ukalamba, makamaka akazi, amene mafupa ao apepuka mofulumira akasiya kusamba. M'mera mpoyamba. Kuthamanga, kudumpha ndi kusewera mpira padzuwa kuthandizanso, pakuti fupa lilimba likamanyamula katundu. Chotero mpira wanga uja walowamo ndithu m'nkhani ino.

Ife ogonera pasukulu tidziwa kuti nsima ya nyemba ndiyo mnzathu wa masiku onse. Ndipempha anzanga a kalabu ya Zaulimi kuti m'dimba la sukulu tichurukitse mabedi a mpiru ndi repu, ndi kubzala mitengo ya chamwamba m'mbali mwa mpanda. Ndipemphanso anzanga kuti tsiku la usipa tileke kusankha mitu ndi kuiunjika m'mbali mwa mbale.

Kwathu zinthu zasintha pang'ono. Amayi apangabe mkaka wa soya, ndipo tonse timwa. Pa msika uli wonse agulitsa kachitini ka soya nagula kamulu ka usipa, kamene asinja ndi kusunga m'botolo la mlongo wanga. Atate anapempha mbewu ya mawere kwa Agogo, nafesa kumapeto kwa munda kumene kale kunali nazale ya fodya. Za ng'ombe yomera m'munda sanenanso. Tsopano alikufunsa mtengo wa mbuzi ya mkaka.

Wophunzira wa Folomu 3